Kamera imadutsa pa Mzuzu cha m'ma 10 koloko, ife tikukanganabe za mitengo

Mkangano wa mitengo kuno ku Mzuzu sudzatha ngati tipitiliza kuuyendetsa mmene tikuchitiramu. Uyu akuti nkhalango ya Kaning'ina yatha, uyo akuti aaa mukukokomeza, kumtunda kuja mitengo ikadalipo yambiri. Wina akuti Chikangawa inatha ndi moto, wina akuti ndi macheka, wina nkubwera kuti komatu abzalanso kwambiri inu simunadutseko posachedwa. Aliyense akunena zomwe anaona pa windo ya basi kapena zomwe akukumbukira ali mwana, mapeto ake wopambana amakhala wa mawu okweza, basi tabalalika, chaka chamawa tidzayambirenso pomwepo.

Chonsecho umboni ulipo. Ndi waulere, ndipo wakhala ukuunjikana kuyambira mu 1972 pomwe aku America anaponya setilaiti yojambula dziko ya Landsat 1 m'mlengalenga. Lero masetilaiti angapo amadutsa pamwamba pathu pano masiku ochepa aliwonse, cha m'ma 10 koloko m'mawa, nkujambula Luwinga, Chibavi, damu la Lunyangwa, Kaning'ina yonse mpaka kutsetsereka ku Nkhata Bay. Ine maganizo anga ndi awa: nkhani ija imabuka pa Facebook nthawi ndi nthawi yoti Malawi naye akhale ndi setilaiti yakeyake ngati anzathu ena tiiyike kaye pambali, kandalama komwe kangapezeke kapite kwa anthu oti aziwerenga zithunzi zilipo kalezi nkumazionetsa kwa eni nkhalango, kutanthauza ife tomwe. Koma kuti mumvetse chifukwa chomwe ndimazikhulupirira zithunzizi kuposa lipoti la mu wekishopu mpofunika tione kaye mmene makinawa amayendera, chifukwa mphamvu yonse yagona pa 10 koloko imeneyo.

Masetilaiti si amtundu umodzi. Ija imene dishi ya DStv imayang'ana ili kutali kwabasi, makilomita 35,786 pamwamba pa equator, mzere wogawa dziko pakati uja tinkajambula ku pulayimale, ndipo imazungulira limodzi ndi dziko, nde kwa ife imaoneka ngati yangoima malo amodzi. Nchifukwa chake dishi mukaikhoma bwino pakhoma simuikhudzanso pokhapokha mphepo itaipotoza. Meteosat yomwe azanyengo amaonera mitambo ilinso komweko. Ubwino wake imationa tsiku lonse osaphethira, koma kutaliko munda wa munthu suoneka, olo mudzi wathunthu umangosanduka kadontho.

Zojambula pansi mwatsatanetsatane zimauluka pafupi, pakati pa makilomita 600 ndi 800. Landsat 8 ndi Landsat 9 zili pa 705, Sentinel-2 ya ku Ulaya ili pa 786. Pamenepo chinthu sichingaime, chikuyenera kuthamanga makilomita 7 ndi theka pa sekondi apo ayi chigwa, nde chimazungulira dziko lonse mu mphindi pafupifupi 100, maulendo 14 ndi pang'ono patsiku. Mtunda ngati wa Karonga kukafika ku Nsanje imaudula mu mphindi pafupifupi ziwiri. Njira yake siitsata equator ayi, imachokera kufupi ndi North Pole kutsika kummwera mbali ya masana, kukazungulira kuseri komwe kuli usiku nkubweranso. Uku ikutero dziko pansi pake likutembenuka, ndekuti pobwera ulendo wachiwiri pansi pasintha kale. Ngati panopa yadutsa pa Malawi ulendo wotsatira idutsa makilomita oposa 2,500 kumadzulo, pa nyanja ya Atlantic kuseri kwa Angola. Mizere imeneyi imanka ilumikizana mpaka dziko lonse lakwanira. Landsat imajambula mzere wotambalala makilomita 185 ndipo imabwerera pa mzere womwewo pakatha masiku 16, ziwirizo zikamalandirana ndi masiku 8. Sentinel-2 mzere wake ndi makilomita 290, imodzi imabwerera pa masiku 10, ziwiri masiku 5.

Nde vuto lili apa. Kujambula malo amodzimodzi kawiri sikuthandiza ngati chithunzi china mwajambula 7 koloko m'mawa china 12 koloko. Imani pa Katoto dzuwa likungotuluka muyang'ane mtengo umodzi wa paini, mthunzi wake umawoloka msewu mpaka kutsidya, udzu uli nyezinyezi ndi mame, zigwa zonse zili bii. Mubwerenso masana mthunzi walowa pansi pa mtengo, dothi layera mbee. Kwa kamera yakumwamba, mbali ya phiri yomwe ili mu mthunzi imaoneka yakuda ngati pali nkhalango yowirira pomwe pali thengo wamba, ndipo kompyuta yowerengera mitengo ikhoza kukuuzani kuti mitengo yachuluka kapena yatha pomwe chasintha ndi dzuwa chabe. Kuti tifanizire 1990 ndi 2024 mosabera mbali iliyonse pafunika kamera yomwe imafika nthawi imodzimodzi ulendo uliwonse, chaka ndi chaka.

Izi sizichitika zokha. Njira yomwe setilaiti imazungulira ndi bwalo, ndipo bwalo loima chilili kudutsa ku ma Pole mukalisiya palokha limangoloza mbali imodzi ya nyenyezi osasuntha, pomwe dziko likuyenda ulendo wake wa chaka kuzungulira dzuwa. Zotsatira zake tsiku lililonse setilaiti imafulumira ndi mphindi 4 poyerekeza ndi dzulo. Zikuoneka zochepa eti? Koma yomwe ikudutsa 10 koloko mu Januwale pofika Epulo izidutsa 4 koloko mbandakucha, kuli mdima, kamera yopanda ntchito. Kuti izisunga nthawi, bwalo lonselo likuyenera kumatembenuka molowera kummawa ndi kadigiri kamodzi patsiku, kunena molondola 0.9856, kuti chaka chikamatha likhale lazungulira madigiri 360 motsatana ndi dzuwa. Kulitembenuza ndi mafuta iwalani, thanki ingaume masiku ochepa.

Nzeru yomwe anaipeza ndi yomwe imandisangalatsa ine pa nkhani yonseyi. Dzikoli silozungulira bwinobwino, lili ndi kamimba pa equator, mukaliyeza modutsa pakati ndi lalikulu ndi makilomita pafupifupi 43 kuposa mukaliyeza kuchokera ku North Pole kukafika ku South Pole. Kamimba kameneko kamakoka setilaiti iliyonse yomwe njira yake yapendekeka, kufuna kuigonetsa pa equator, koma poti chinthucho chili pa liwiro sichigona ayi, mmalo mwake bwalo lonse limayamba kutembenuka. Amene munasewerako nguli mukudziwa, ikamazungulira itapendekeka siigwa pompo, mutu wake umayamba kuyenda pang'onopang'ono kujambula kabwalo m'mwamba uku iyo ikuzungulirabe mwamphamvu. Ndi zomwezo. Tsono kutembenukako kumadalira zinthu ziwiri, kutalika kwa komwe ikuuluka ndi mmene njira yapendekekera. International Space Station, chombo chija anthu amakhalamo m'mlengalenga, njira yake yapendekeka madigiri 51.6 kuchokera pa equator, ndipo bwalo lake limatembenukira kumadzulo ndi madigiri pafupifupi 5 patsiku, mbali yolakwika komanso mothamanga kwambiri. Mukaimika njira pa madigiri 90 kutembenuka kumasiyiratu. Mukapitirirako pang'ono kufika cha pa 98 kumayambanso, koma tsopano molowera kummawa, ndipo pa makilomita 700 liwiro lake limakwana ndendende kadigiri kamodzi kaja. Landsat ili pa 98.2, Sentinel-2 pa 98.6 chifukwa ili pamwamba pang'ono. Imeneyi ndi yomwe akatswiri amati sun-synchronous orbit. Ntchito yotembenuza ikugwiridwa ndi dziko lenilenilo, ulere, timafuta amangogwiritsa ntchito pokonza ikayamba kuphonya. Ndipo akasiya kukonza zimaoneka, Terra ya NASA yomwe inaponyedwa mu 1999 nkumadutsa 10:30 kwa zaka 20, anasiya kuikonza njira mu 2020 ndipo kuchokera pamenepo yakhala ikufulumira chaka ndi chaka.

Chenjezo limodzi apa, poti a ndale ndi a mabungwe akazolowera zithunzizi adzayesa kutipusitsa nazo. Nthawi imodzi sikutanthauza mthunzi umodzi chaka chonse. 10 koloko ya mu Juni dzuwa limakhala litapendekera kumpoto, ya kumapeto kwa Okutobala limakhala likulunjika paliwombo, osanena za masamba omwe amayoyoka m'chilimwe. Wodziwa ntchito amafanizira Ogasiti ndi Ogasiti, Seputembala ndi Seputembala. Munthu akakuonetsani chithunzi cha Malichi chobiriwira pambali pa cha Okutobala chouma nkumati onani chipululu, kapena kuzitembenuza nkumati onani mmene tabzalira tipatseni ndalama zina, ameneyo akukuberani m'maso muli gwa.

Nanga 10 koloko anaisankhiranji? Kuwala kumakhala kwakwana, mthunzi ukadalipo pang'ono woti mapiri ndi zigwa zizidziwika, komanso m'madera ambiri otentha mitambo imayamba kuunjikana masana dzuwa likatenthetsa nthaka, nde amafuna ajambule isanadzuke. Apa otsutsa ali ndi mfundo ndithu ndipo ndikuivomera: amene anasankha nthawiyi sankaganiza za Mzuzu. Kuno timadziwa, pali masiku 10 koloko imakwana tili m'majuzi, nkhungu ili phaa, kamvula kakuwaza, anzathu ku Lilongwe atayanika kale zovala. Mvula yathu imachedwanso kusiya. Ndekuti kuyambira Disembala mpaka cha mu Meyi zithunzi zambiri za Mzuzu ndi Viphya ndi thonje lokhalokha, ndipo setilaiti ikapeza mtambo siidikira, yapita, mudikire masiku 5 ena. Koma pa nkhani ya nkhalango sitikufuna chithunzi cha tsiku lililonse, chimodzi choyera pa chaka chakwana, ndipo Ogasiti mpaka Okutobala amatipatsa zingapo.

Ndipo mitambo inapezeredwa njira yake, mu bwalo la mtundu womwewo. Sentinel-1, yoyamba inaponyedwa mu 2014, siidalira dzuwa pojambula, ili ndi radar, imaponya mafunde ake pansi nkumvetsera zobwerera, mtambo kapena mdima zilibe kanthu. Radar imadya magetsi kwambiri nde anaiyika mu njira yodutsa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, kumangoyenda m'malire a usana ndi usiku, komwe ma sola ake amakhala padzuwa pafupifupi nthawi zonse. Madzi odekha pa radar amaoneka akuda chifukwa mafunde amaterereka osabwerera, nchifukwa chake nthawi ya Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023 mapu osonyeza pomwe madzi afika ku Nsanje ndi Chikwawa ankatha kutuluka kumwamba kukadali kotseka. Ife akumpoto tili ndi chitsanzo chathu. Zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009 akatswiri anaziyeza pofanizira zithunzi za radar zojambulidwa zisanachitike ndi zitachitika, nkuona pomwe nthaka yatsika ndi pomwe mng'alu wadutsa, mpaka masentimita. Zimenezo zimatheka chifukwa setilaiti imabwerera pa mzere womwewo, kuyang'ana kuchokera mbali yomweyo.

Moto nawo uli ndi oulondera. Masetilaiti a NOAA-20 ndi Suomi NPP amadutsa cha m'ma 1:30 masana, nthawi yomwe moto wolusa umakhala pachimake, ndipo pa tsamba la FIRMS la NASA malo omwe akuyaka amaoneka ngati timadontho tofiira maola ochepa setilaiti itadutsa. Mu Seputembala tsegulani muone dziko lathu ndi Zambia ndi Mozambique mmene zimafiirira, mutu umakula.

Tsopano tibwere kwathu. Mtsikana wina amene anamaliza maphunziro a za nkhalango, pano amakhala pa kabenchi ka mobile money podikira ntchito, anandionetsa zimenezi pa laputopu yake yong'ambika kona, intaneti akukoka pa foni. Anatsegula Copernicus Browser, tsamba loonera zithunzi za Sentinel, kulemba Mzuzu, kusankha tsiku lopanda mitambo, kenako nkusintha mitundu, chithunzi chonse chinasanduka chofiira. Ine ndinati nanga magaziwa? Iye kuseka, "Achimwene, ofiirawa ndi masamba amoyo, amabweza kuwala kwina komwe maso athu saona. Pomwe pafiira kwambiri ndi pomwe pali mitengo. Potuwapa ndi malata ndi dothi, pakudapa ndi madzi, apa nde panapsa." Anatsitsa kummwera mpaka ku Chikangawa, ndipo kumeneko simufunika digiri, minda ya paini imaoneka yodulidwa ndi rula, chigawo ichi chofiira bii, choyandikana nacho chotuwa poti anadula, china chakuda poti moto unadutsa. Anabwerera ku tauni kundionetsa madambo momwe nyumba zalowa. Kasitomala anabwera kudzatapa ndalama, anatseka laputopu, nkhani inathera pomwepo.

Chomwe chimandiwawa nchakuti luso limenelo lili pa kabenchi pomwe misonkhano ya nkhalango ikuchitika m'mahotela popanda chithunzi olo chimodzi pakhoma. Mzuzu University ku Luwinga imaphunzitsa za nkhalango, za malo, za madzi, ana akutuluka chaka chilichonse akudziwa kugwiritsa ntchito mapu a pa kompyuta. Zithunzi za Landsat zinali zogula, chimodzi cha Landsat 7 chinali madola 600, koma mu 2008 boma la America linatsegula nkhokwe yonse kuti aliyense azitenga ulere, za Sentinel nazo ndi zaulere chiyambire. Kadontho kamodzi ka Landsat ndi mamita 30 mbali zonse, ka Sentinel-2 ndi mamita 10, ndekuti hekitala imodzi ndi timadontho 100. Mtengo umodzi ukagwa simuona, uvuni umodzi wa makala mwina simuona, koma hekitala ikapita ilibe kobisala. Chikangawa yomwe inabzalidwa kwambiri kuyambira zaka za m'ma 1960 nkufika mahekitala 53,000, chigawo chilichonse chikhoza kutsatidwa chaka ndi chaka. Mzuzu mu kalembera wa 2008 munali anthu 133,968, pofika 2018 tinali 221,272, anthu onsewo anamanga penapake ndipo amaphikira chinachake, pomwe anamangapo pakuoneka.

Za setilaiti yathuyathu ija. Sindikunyoza anzathu ayi. Zimbabwe ndi Uganda anatumiza tawo tating'ono mu Novembala 2022, ZimSat-1 ndi PearlAfricaSat-1, Kenya inaponya Taifa-1 mu Epulo 2023 pa roketi ya SpaceX, ndipo phindu lenileni la zimenezo ndi ma injiniya omwe anaphunzira popanga, limenelo ndi phindu ndithu. Koma ta Zimbabwe ndi Uganda tija anatitulutsira pa International Space Station, kutanthauza kuti tinatengera njira ya madigiri 51.6 ija, yosasunga nthawi, komanso yapansi pomwe kampweya kotsalira kamakoka chinthu mpaka kugwa. Ndipo olo titagula yabwino nkuiyika pa madigiri 98 mawa lino, nkhokwe yake iyambira pa ziro. Siingajambule 1989. Funso lomwe tikukanganirana ndi loti kunali bwanji ndipo kwasintha bwanji, yankho lake lili mu zithunzi zakale, makamaka za Landsat 5 yomwe inagwira ntchito kuyambira 1984 mpaka 2013. Zaka zina zakale zili ndi mipata kuno ku Africa, inde, koma zomwe zilipo palibe ndalama ingazipangenso. Kugula kamera yatsopano pomwe sitinatsegule zomwe zinajambulidwa kale kungakhale kufuna mwambo wodula riboni basi.

Ena anena kuti bwana, anthu akugona ndi njala inu mukukamba za kumwamba. Chabwino, koma zakumwambazo zili kale m'mbale mwathu kaya tifune kaya tisafune. Mabungwe olosera za njala monga FEWS NET amayang'ana kubiriwira kwa mbewu ndi mvula kudzera pa masetilaiti. Ndipo tinaphunzirapo mowawa. Mu chilala cha 2015/16 Malawi anali atagula inshulansi ya chilala ku African Risk Capacity, yomwe imawerengera pogwiritsa ntchito mvula yoyezedwa ndi masetilaiti, koma poyamba makompyuta anati anthu okhudzidwa ndi ochepa, palibe cholipira, chonsecho anthu mamiliyoni akufunika thandizo. Atafufuza anapeza kuti mu mawerengero munalowetsedwa chimanga chochedwa kucha pomwe alimi ambiri anabzala chocha msanga, chomwe chilala chinachipeza pa nthawi yoipa. Atakonza nde kunatuluka madola 8.1 miliyoni, mochedwa. Wina atenga nkhaniyi ngati umboni woti masetilaiti ndi bodza. Ine ndikuona mosiyana, setilaiti inaona mvula yake bwinobwino, chomwe chinasowa ndi munthu wapansi wodziwa mbali zonse ziwiri, woti ayang'ane pa sikirini nkunena kuti iyayi, mbewu imeneyo kwathu sitibzala. Zisankho za ife zikupangidwa kale ndi zithunzi zimenezi m'maofesi akutali, nde kusaziwerenga sikutiteteza, kumangotichotsa pa tebulo.

Mantha anga enieni ali pena. Chithunzi chimaonetsa kuti mitengo yapita koma sichionetsa wadula ndani, sichionetsa thiraki yomwe yanyamula matabwa usiku, sichionetsa amene anasaina chilolezo. Kwathu kuno umboni ukapezeka umakonda kugwera wofooka. Tonse timawaona m'mamawa akutsika ndi njinga, matumba atatu a makala omangidwa ndi mphira, mabuleki ndi phazi pa tayala, thukuta kuli kozizira chonchija. Lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020 ndipo amene amagwidwa kawirikawiri ndi ameneyo, pomwe makalawo akupita kukhitchini kwa ine ndi inu chifukwa magetsi ndi osadalirika ndipo gasi ndi wodula. Ngati zithunzizi zizingokhala mu laputopu ya bwana mmodzi, zizigwira ntchito yosakira anjinga basi, zigawo zikuluzikulu zomwe zapita ndi mapepala ake osatchulidwa. Nchifukwa chake ine sindikunena kuti tipatse boma diso lina. Ndikunena kuti zithunzizo zikhale poyera, chifukwa hekitala 200 zodulidwa mwadongosolo ndi rula siziwoneka ngati ntchito ya munthu wa nkhwangwa imodzi, ndipo aliyense woona chithunzicho adziwa funso loti afunse ndi woti amufunse.

Zoti tichite sizovuta. Khonsolo iliyonse, kuyambira ya mzinda wathu uno, M'mbelwa ndi Nkhata Bay, ikhale ndi munthu mmodzi wolembedwa ntchito yeniyeni, osati wa pulojekiti ya miyezi 18, wokhala ndi kompyuta yabwino ndi intaneti yolipiridwa. Chaka chilichonse mu Seputembala atulutse chithunzi cha Kaning'ina, cha dera lonse lomwe limathira madzi mu Lunyangwa, cha Chikangawa ndi cha madambo a mu tauni, achiike pambali pa cha Seputembala wa chaka chatha ndi cha zaka 10 zapitazo, tsiku lojambulidwa ndi dzina la setilaiti zilembedwe pansi kuti wokayika akatsegule yekha aone ngati sanamunamize. Achisindikize chachikulu, chikhomedwe pa bolodi ya khonsolo, pa msika, pa sukulu, mafumu apatsidwe chawo, chiponyedwenso pa magulu a WhatsApp a m'madera. Akhansala ndi aphungu akamabwera kudzapempha voti azipeza chithunzi cha chaka chomwe analowa ndi cha chaka chino zikuwadikira pakhoma.

Ndipo mwambo wobzala mitengo uja wa nyengo ya mvula, wa ma T-shirt ndi makamera, nawo ulowe momwemo. Aliyense wonena kuti tabzala mitengo 50,000 apereke malo enieni pa mapu tsiku lomwelo, mtsikana wa pa kabenchi uja kapena mnzake alembe, pakatha zaka 4 kapena 5 mbande zikakhala kuti zakula malowo azifiira pa Sentinel-2 mu Seputembala, zikakhala kuti zinafa ndi moto kapena mbuzi malowo akhala otuwa, ndipo bungwe limenelo lisadzalandirenso malo ena lisanafotokoze za oyambawo.